Thistlegorm ndakaiona ndi maso angawa, koma boti lomwe linatipititsako ndiye mmmh

Ndiyambe ndi kunena kuti ndalama yanga sindikuilira ayi. Thistlegorm, sitima yomira ya mu Nyanja Yofiira ku Egypt, ndinaiona, ndinalowa m'mimba mwake, ndinayandama pamwamba pa njinga zamoto zomwe zagona pansi pa nyanja kuyambira 1941, zimenezo palibe angandilande. Koma kampani yomwe tinabukitsako ulendowu ku Sharm el-Sheikh, dzina sinditchula, inatiyendetsa ngati matola a pa Kamuzu Road nthawi ya Khirisimasi, kulonga anthu, kuthamangitsa, kutsitsa, basi wotsatira. Nde ndati ndilembe kuti wina amene akusunga timakobidi take kuti adzapiteko adziwiretu zofunsa asanatulutse khadi.

Ine kudaiva ndinaphunzirira kwathu komwe, ku Cape Maclear, pamiyala ya ku Thumbi paja mbuna zimakuunjirira ngati wazitengera nsima. Open Water, satifiketi yoyamba ya kudaiva, ndinachitira kumeneko. Advanced, yotsatira yake yokulola kutsika mwakuya, ndinadzachita nditabwera kale kuno ku UK, m'chidzenje chakale chokumba miyala chomwe chinadzaza madzi, kuzizira kwake mpaka mano kuwawa. Ndimakhala ku Sunderland, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo dzina loti Thistlegorm ndinalimva koyamba kwa agogo ena omwe ndinkawasambitsa m'mawa uliwonse, bambo awo ankagwira ntchito yokhoma sitima m'mbali mwa mtsinje wa Wear. Iwowo ndi amene anandiuza kuti iwe umati umadaiva, kodi ukudziwa kuti sitima yomira yotchuka kwambiri ku Egypt inapangidwa pompano? Ndipo ndi zoona, inakhomedwa ndi kampani ya Joseph Thompson & Sons, n'kuikidwa pamadzi mu April 1940. Malo okhomera sitima mumzinda muno anatsekedwa onse pofika 1988, pano ndimangodutsa pa basi popita ku shifiti. Agogo aja anatisiya chaka chatha, nde ulendowu unali ngati ngongole.

Ndinapita ndi alamu anga, amuna a chemwali anga, omwe amakhala ku Leeds. Iwowo madaivi awo ndi ochepa, koma Advanced ali nayo. Chikwerereni ndege nthabwala yawo inali imodzi yomweyo, "Alamu, Nyanja Yofiira ndi ija ya Mose ija eti? Tikapezako magaleta a Farao ife." Ndinkangoseka, osadziwa kuti tikaonadi magaleta ali ndandanda pansi pa nyanja, kungoti a Angelezi.

Za kabukidwe kaye. Pa intaneti analemba mtengo umodzi wooneka bwino, madaivi awiri, bulekifasi, lanchi, kudzakutenga pa hotela. Titafika pa ofesi yawo dzulo lake kuti tiyese zida, mpamene tinamva kuti tochi ndi yolipira payokha, kompyuta ya pamkono payokha, nitrox (mpweya wowonjezera oxygen) payokha, silinda yaikulu ya mpweya ya malita 15 payokha, daivi yachitatu pobwerera payokha, ndi kandalama kena ka paki. Chikomekome cha mkuyu ndithu. Zina mwa izi ndi zachizolowezi, makampani ambiri amatero, koma tochi? Mukulowetsa munthu m'chipinda chamdima pansi pa nyanja nde tochi mukuiyesa ya mwanaalirenji? Ine kompyuta ndi masiki ndili ndi zanga, zinazo tinabwereka. Regulator, chipangizo chopumira chija, yomwe anandipatsa poyamba pakamwa pake panali potafunidwa ngati mzimbe, ndinakana, anasintha mosanyinyirika, apo ndiwayamikire. Alamu anapempha silinda ya 15 chifukwa amadzidziwa kuti mpweya amamwa ngati thobwa, mtsikana wa pa kauntala anati palibe vuto. Muikumbukire silinda imeneyi.

Minibasi inafika 4 koloko m'bandakucha. Padoko apolisi anaona mapasipoti athu mmodzimmodzi, musadzaiwale yanu kuhotela, simukwera. Boti linali lalikulu bwino, lam'mwamba ndi pansi, koma tinalimo madaiva 22 magaidi atatu okha. Ulendo wake ndi wa maola atatu ndi theka kapena anayi, kuzungulira kansonga ka Sinai ku Ras Mohammed n'kulowera chakumpoto ku Sha'ab Ali, ndipo mukangokhota pakona paja mphepo imakumenyani kumaso, mafunde ake ngati a mwera mu July pakati pa Nkhotakota ndi Likoma. Anthu anayi anasanza, mmodzi pa mafini a mnzake. Imwani mapilitsi aja musanakwere, osati mutayamba kale kumva mseru.

Briefing inali ya mphindi mwina teni. Gaidi wathu, mnyamata wochangamuka koma wooneka kuti wagwira masiku ambiri osapuma, anajambula sitimayo pa bolodi, apa titsikira, apa tikwerera, mpweya wa mu silinda ukatsika kufika 100 bar mundiuze, mukafika 70 pachingwe, yalla. Za mbiri yake anangoti inaphulitsidwa ndi Majeremani pa nkhondo yachiwiri, basi. Nde ndine ndinakhala pansi ndi alamu kumtunda kwa boti, tiyi m'manja, n'kuwafotokozera zomwe agogo aja anandiuza ndi zomwe ndinadzawerenga, mpaka azimayi awiri a ku Poland anasendera pafupi ngakhale Chichewa samamva, ndinachita kubwerezanso m'Chingelezi.

Sitimayi inanyamuka ku Glasgow pa 2 June 1941 kupita ku Alexandria, itadzaza katundu wa asilikali a Britain omwe ankamenyana m'chipululu cha kumpoto kwa Africa. Njira yachidule ya Mediterranean inali yoopsa, Majeremani ndi Mataliyana anali ponseponse, nde inazungulira Africa yense, kuima ku Cape Town, n'kukwera mbali ya kum'mawa kuno, kutanthauza kuti inadutsa kunyanja ya anansi athu a ku Mozambique. Itafika pakhomo pa Gulf of Suez inauzidwa kuti iponye nangula idikire pamalo omwe ankawatcha Safe Anchorage F, chifukwa mu ngalande ya Suez munali mutagundana sitima zina njira n'kutsekeka. Malo otetezeka, akutero. Usiku wa pa 6 October 1941 ndege ziwiri za Heinkel He 111 zochokera pachilumba cha Crete, zomwe zinkasaka sitima yonyamula asilikali koma osaipeza, zinaiona pobwerera ili phee pa mwezi. Mabomba awiri anagwera m'chipinda chakatundu cha nambala 4, momwe munali zipolopolo ndi mabomba omwe, nde mukhoza kuganiza. Anthu 9 anafa, amalinyero anayi ndi asilikali asanu a Royal Navy omwe ankayang'anira mfuti. Otsalawo, pamodzi ndi kaputeni William Ellis, anatoledwa ndi sitima yankhondo ya HMS Carlisle yomwe inali pafupi. Inangoyenda pamadzi chaka chimodzi ndi theka basi. Patangopita masiku awiri ndege zinabweranso n'kumiza ina, Rosalie Moller, chapafupi pomwepo.

Alamu anafunsa kuti kodi ndi yaikulu bwanji. Ndinati mamita 126, tengani Ilala ziwiri muziike mondondozana mutsalabe ndi malo oimika mabwato. Ilala yathuyonso paja inapangidwira ku Glasgow komweko, mu 1949. Anangoti "aaa inu alamu" osakhulupirira.

Tinafika cha m'ma 8 koloko ndipo ndinawerenga maboti 9 atatizinga kale. Pamwamba palibe choona, madzi okhaokha, kutali uko mapiri ouma a Sinai ndi zisitima zikuluzikulu zamakontena zikudutsa kupita ku Suez. Gaidi mmodzi anadumphira yekha ndi chingwe chokhuthala ngati mkono kukamanga pa sitima yomirayo. Inde, amamanga pa sitima yeniyeniyo. Boti lililonse zingwe ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, mafunde akamakweza boti chingwe chija chimakoka chitsulo cha zaka zoposa 80, tsiku ndi tsiku. Bungwe loteteza zachilengedwe za Nyanja Yofiira la HEPCA linayesapo mu 2007 kuika pomangira maboti pambali pa sitimayo komanso kuboola timabowo toti mpweya wa madaiva uzitulukira, koma tsiku lomwe tinapita ife aliyense anamanga pachitsulo. Ndinafunsa gaidi wathu, anangokweza mapewa.

Chinthu chimodzi kwa anzanga ophunzirira kunyanja kwathu: madzi amchere amakuyandamitsa, ndipo a Nyanja Yofiira mchere wake ndi wochuluka kuposa nyanja zambiri. Ku Cape ndinkamanga makilo anayi m'chiuno, uku ndi wetsuit ya mamilimita 5 ndinafunika 8. Tinali titayesa kale dzulo lake pa daivi ina yapafupi ndi gombe, ndipo musalole kuti Thistlegorm ikhale daivi yanu yoyamba ya holide, ngakhale kampani ikuvomereni.

Nde nthawi yovala ija, alamu akuyang'ana silinda yawo, ndi ya malita 12. Ya 15 kulibe, akuti inatsala padoko. Tili pakati pa nyanja, mutani.

Kudumpha kwake sikwa chibwana. Madzi amakoka, asodzi kwathu amati mweza, ndipo ukangolowa uyenera kugwira chingwe nthawi yomweyo apo ayi ukapezeka ku boti la eni ake. Tinatsika dzanja ndi dzanja, miyendo ili m'mbali ngati mbendera ya pa sukulu, thovu la anthu omwe ali pansi likutikwera kumaso moti poyamba sindinkaona kalikonse koma mafini achikasu a munthu wapatsogolo panga. Kenako cha pa mamita 10 thovu lija linapatuka, ndipo pansi panga panali chinthu chakuda chachitali mbali zonse ziwiri mpaka kosaoneka mathero. Ndinaiwala kupuma kaye pang'ono, zomwe ndi zoletsedwa. Zithunzi ndinaziona zambirimbiri koma palibe chomwe chimakuuza kukula kwake, umaona ngati ukutera pa denga la fakitale.

Daivi yoyamba imakhala yozungulira kunja, ndipo ndi yakuya. Kutsogolo sitimayo inakhala chilili pamchenga ngati ikudikirabe kuti aiuze nyamuka, pamwamba pake ndi cha m'ma mamita 16 mpaka 18. Ukamapita kumbuyo mpamene umafika pomwe mabomba anagwera, ndipo apo ndiye sitima inatha, deki yachitsulo inasendeka n'kupindikira kutsogolo ngati chivindikiro cha chitini cha nsomba. Pansi pali mulu wa zinthu zosadziwika mutu wake, mabokosi a zipolopolo, zipolopolo zina zikuluzikulu ngati mwendo wa munthu, ndi tiakasinja tiwiri tating'ono tija ankati Universal Carrier, tili chagada matcheni ake m'mwamba. Kupitirira apo, mbali yakumbuyo inaduka n'kugona cham'mbali, mfuti ziwiri zikadali pamalo pake zitaloza kumchenga, zamera makorali ofewa ofiira ndi apinki ngati wina anazikongoletsa pa ukwati. Pansi penipeni, kompyuta yanga ikuwerenga 29.6, pali pulopela. Ndinaima pafupi ndi tsamba lake limodzi, kutalika kundiposa.

Pamchenga pafupi ndi pulopelayo panali crocodilefish, ndipo dzinalo sanalakwitse, mutu wake ndi wa ng'ona ya ku Shire yeniyeni kungoti yaing'ono, itagona phee kudalira kuti sitikuiona. Ndinafuna ndiiyang'anitsitse maso ake, ali ndi tinsalu ngati leisi pamwamba, koma gaidi anali akugogoda kale silinda yake ndi kachitsulo, ngwe ngwe ngwe, tiyeni. Ulendo wonse unali choncho. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa kudekha kunalibe malo, gulu lathu linali la anthu 8 ndipo kumbuyo kwathu kukubwera gulu lina la boti lina.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi ichi. Pa deki ya Thistlegorm panali mitu iwiri ya sitima zapamtunda zoyendera malasha, mtundu wa Stanier 8F, yopita ku njanji za Egypt. Kuphulika kuja kunainyamula yonse iwiri n'kuiponya m'madzi, wina uku wina uku, ndipo mpaka lero ili pamchenga pambali pa sitimayo. Tangoganizani mphamvu yonyamula mutu wa sitima ngati mwana akutaya chidole. Ine mwana wa ku Salima wokulira pafupi ndi njanji, chimenechi ndiye ndinkafunitsitsa. Ndinauona mutu umodzi chapatali, mdima chabe wozungulira ngati thanki, mwina mamita 20 kuchoka pomwe tinali. Ndinakodola gaidi n'kuloza. Anapukusa mutu, n'kuloza alamu. Ndikayang'ana geji ya alamu, 70 bar, mphindi 19 zokha. Maso awo mu masiki muja ngati a mwana woswa mbale. Tinabwerera kuchingwe.

Kunena chilungamo gaidi sanalakwe kukana, madzi ankakoka ndipo munthu wa 70 bar pa mamita 30 sumupititsa kutali ndi chingwe. Cholakwika chinachitikira padoko pomwe anasiya silinda yomwe tinalipira, komanso kuika anthu 8 osiyana luso kwa gaidi mmodzi, woti mmodzi akatha mpweya onse mukwere. Titakwera m'boti alamu anayamba kupepesa, "Alamu pepani ndakulakwirani, ndinkachita befu ndi mantha pachingwe paja." Ndinati ayi alamu, inu munanena chilungamo kuofesi kuja, olakwa si inu. Ndinakalankhula ndi wamkulu wa magaidi, mwaulemu ndithu, anati ndalama ya silindayo adzabweza. Za mutu wa sitima anati daivi yachiwiri ndi yamkati, pulogalamu sasintha.

Tinapuma pamwamba ola limodzi ndi pang'ono. Bulekifasi inali itadutsa kale, nyemba zawo zija amati ful, mazira, buledi wafulati, tchizi, zinali bwino. Apa ndinenepo za nitrox, kwa amene muli ndi satifiketi yake lipirani basi osaumira. Ndi mpweya wamba pa mamita 30 matebulo a madaiva owerengera nthawi yokhala pansi amakupatsa mphindi 20 zokha, ndi nitrox ya oxygen 32 peresenti amakupatsa 30, ndipo pa daivi yachiwiri mpamene umaona kusiyana kwenikweni chifukwa nayitrojeni wa yoyamba uja akadali m'thupi. Omwe anali pa mpweya wamba makompyuta awo ankalira ali mkati mwa sitima.

Daivi yachiwiri. Apa ndiye ndikhululukireni ndichedwapo.

Umalowera m'chipinda cha nambala 3, chomwe chilibe zambiri, munali malasha, kenako umadutsa pakhomo lina n'kupezeka mu nambala 2, kuwala kwa buluu kukuchokera kumwamba pakati pomwe pali potseguka, m'mbali monse mdima. Ukayatsa tochi, malole. Ali pamzere, bampala kugunda bampala, monga momwe anawaimikira anyamata a padoko ku Glasgow mu 1941, ena mwa iwo a Bedford, achibale a malole akale aja ankanyamula fodya kwathu. Madenga ambiri anabooka ndi dzimbiri koma matayala ali bwinobwino, mizere yake ikuoneka yakuthwa ngati atsopano, ndipo ndi atsopanodi, sanapondepo msewu. Lole ina galasi lakutsogolo likadalipo, ndinaunika mkati n'kuona mapedulo ndi giya, pampando pomwe pakanakhala dalaivala pali nsomba yofiira ya maso akuluakulu, soldierfish, itangoima ikundiyang'ana ngati ndalowa osagogoda.

Kumbuyo kwa malolewo anakwezamo njinga zamoto, BSA ndi Norton 16H, zitatu zitatu kapena kuposa, zitatsamirana. Iyi ndiye mbali yomwe ndimaiona ndikatseka maso. Zonse zasanduka zofiirira ngati zoumbidwa ndi dothi la katondo, koma chilichonse chikudziwika, thanki ya petulo, masipoko, nyali yakutsogolo, sipuling'i ya pansi pa chishalo. Ndinaima pa imodzi, mpweya ndikuutulutsa pang'onopang'ono kuti ndisavundule matope, ndipo pa hendulo yake panali kanyama kofewa kotalika ngati chala chaching'ono, nudibranch, mizere yakuda, yoyera ndi yachikasu ngati kavala pijama, kakuyenda mwa ufumu pa njinga yomwe inapangidwira msilikali wina amene sanaikwerepo. Alamu anandigwira mkono n'kupanga chizindikiro chokwapula hatchi, magaleta a Farao aja. Ndinaseka mpaka madzi kulowa mu masiki.

Pansi m'makona muli majombo a raba, ambirimbiri, ena awiriawiri ena amodzi. Raba saola msanga nde amaoneka ngati wina wangowavula kumene pobwera kudimba. Mfuti za Lee Enfield zinamatirirana m'mitolo moti poyamba umaona ngati nkhuni. Kuli mapiko a ndege, majenereta, zina sindinazizindikire. Pakati pa zonsezi tinsomba ting'onoting'ono towala ngati galasi, chigulu ngati usipa pa nyali ya siginala, timatseguka ukamadutsa n'kutsekanso kumbuyo kwako. Lionfish ziwiri zinali pakhomo lotulukira zitatambasula minga, zokongola koma osayerekeza kukhudza. Mkunga wa m'nyanja yamchere, moray, mutu wake ngati ntchafu yanga, unasuzumira pansi pa lole ukutsegula ndi kutseka kukamwa. Amati ndi mmene umapumira chabe koma ine ndinapinda miyendo.

Ukayang'ana kudenga umaona ngati pali magalasi oyenda, asiliva. Ndi mpweya wathu omwe, wa madaiva mazanamazana, wotsakamira pansi pa chitsulo, ndipo ndi womwe ukufulumizitsa dzimbiri. Ndinaona thovu langa likukwera kukaphatikana ndi la anzanga ndipo sindinamve bwino kwenikweni, chifukwa nanenso ndinali m'gulu la odya sitimayo. Ziwongolero za malole pafupifupi zonse kulibe, anthu anazula kupita nazo kwawo. Kutola kunayamba kale, katswiri wa zapansi pa nyanja wa ku France Jacques Cousteau yemwe anaipeza m'zaka za m'ma 1950 atalozeredwa ndi asodzi anatulutsamo njinga yamoto imodzi, sefa ya kaputeni ndi belu la sitimayo, zithunzi zake zinatuluka mu National Geographic mu February 1956. Kenako inaiwalikanso mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1990 pomwe Sharm inayamba kudzaza alendo, ndipo chiyambire pamenepo sinapumepo.

Mu nambala 1 tinakumana ndi gulu lina likuchokera kutsogolo, njira yake yopapatiza, pamwamba denga pansi malole, nde panali jamu ngati pa Lilongwe Bridge 5 koloko. Wina anandimenya ndi fini pamphumi. Matope anavunduka, tochi kumangoonetsa fumbi. Ndipo mkati mwa chipwirikiti chimenecho bambo wina wa gulu lathu lomwe, kamera yaikulu ngati wailesi, anakhala pa njinga yamoto, kukhala ndithu, kugwira mahendulo kuti mnzake amujambule. Gaidi anaona. Sananene kanthu, pansi pomwepo kapena titakwera. Ichi ndiye chinandichotsera ulemu pa kampaniyi kuposa za silinda zija, chifukwa briefing yonse panalibe ngakhale liwu limodzi loti musakhudze, musatole, pano panafera anthu. Kwathu tili ndi Vipya yomwe inamira mu 1946 kufupi ndi Chitimba n'kupha anthu 145, mpaka lero akuluakulu a kumpoto amaitchula motsitsa mawu. Sindikuona munthu akukhala pa katundu wa m'menemo kuti ajambulitse.

Tinatulukira kumtunda, kudutsa m'chipinda cha kaputeni momwe bafa lake likadalimo, lodzaza matope, n'kubwera pa deki pomwe pali mabogi a sitima yapamtunda, ena onyamula malasha ena madzi, limodzi linafinyika ngati chitini choponda ndi phazi ndipo lapendekera kudzenje moti sufuna kudutsa pansi pake. Alamu ulendo uno anadekha, anatuluka ndi 60 bar patatha mphindi 38, ndinawaombera m'manja pansi pamadzi pomwepo.

Mphindi zitatu zoima pa mamita 5 usanatuluke pamwamba kuti nayitrojeni achepe m'thupi, zomwe nthawi zambiri zimatopetsa, apa zinali ngati bonasi. Tagwira chingwe anthu ngati khumi, tikukupizidwa, nde kunabwera batfish, zafulati zozungulira ngati lichero, zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kufika pafupi moti imodzi inkajompha thovu la alamu. Chapansi pang'ono barracuda zitaima chilili moyang'ana komwe madzi akuchokera, ngati mcheni koma wotalika ngati mkono wonse ndi mano panja. Kenako tinsomba tonse tinabalalika kamodzi, majack, nsomba zikuluzikulu zodya zinzake, anadutsa ngati mphezi kusaka, ndipo zitatha izo kamba wa m'nyanja anakwera pang'onopang'ono kuchokera ku sitima kuja kukapuma pamwamba, osatilabadira n'komwe. Pamchenga wopanda kanthu ngati paja sitimayo ndiye mudzi wokhawo, chamoyo chilichonse chimathamangira pomwepo.

Anyamata ogwira ntchito m'boti ndiwapatse ulemu wawo. Kukwera makwerero mafunde akukuponya uku ndi uku ndi silinda kumsana si masewera, koma iwo amakugwira, kukuvula mafini, kukupatsa madzi akumwa usanapemphe. Wophika anatipatsa mpunga, nkhuku, biringanya zokazinga ndi saladi, chakudya chokoma kuposa cha kuhotela kwathu. Tipu tinapereka kwa iwowo ndi mtima wonse. Chimbudzi chimodzi mwa ziwiri chinafa tisanafike n'komwe, oxygen ya ngozi ndinaiona ilipo, ndinachita kufunsa kuti andionetse.

Pobwerera tinalipira daivi yachitatu ija ku Shark ndi Yolanda Reef mu paki ya Ras Mohammed, komwe sitima ina ya ku Cyprus inagunda mwala mu 1980 itanyamula zimbudzi zamadzi ndi mabafa, ndipo mpaka lero zimbudzizo zili mbwee pansi nsomba zikulowa ndi kutuluka. Alamu akuti chimodzi tikanatengera boti lathu. Makorali ake ndi okongola zedi koma ndinali nditatopa, mutu uli ku njinga zija. Kuhotela tinafika mdima utagwa.

Kwa amene mukufuna kupita, funsani zinthu izi musanalipire ndipo akuyankheni polemba: gaidi mmodzi amatenga anthu angati, ngati apitirira asanu kapena asanu ndi mmodzi yang'anani kwina kapena lipirani gaidi wanuwanu, mtengowo ukuphatikiza chani, ndipo boti limanyamuka nthawi yanji, chifukwa ofika oyamba ndi omwe amaona mkati madzi asanavunduke. Advanced ndi yofunika, Open Water imathera pa mamita 18 pomwe zambiri za pano zili kupitirira apo, ndipo muzikhala mutazolowera madzi okoka. Inshuwalansi ya madaiva tengani, ku Sharm chipinda chothandizira odwala matenda a kukwera msanga chilipo koma si chaulere. Ndege musakwere mpaka patadutsa maola osachepera 18 chichitireni daivi yomaliza, ife tinasiya tsiku lathunthu. Za viza, ife a pasipoti ya Malawi tiyambe tafunsa ku embassy tisanagule tiketi, ndipo munene kuti mukatuluka m'tauni ya Sharm pa boti.

Pomwe tinkamasula zingwe masana aja ndinaona maboti awiri akuluakulu sakusuntha, anthu ake atakhala pamwamba akumwa tiyi osapupuluma. Amenewo ndi ma liveaboard, ogona momwemo sabata yonse, ambiri amachokera ku Hurghada. Iwowo amadikira ife a matola tichoke, n'kulowa madzulo, kulowanso usiku, kulowanso m'mawa kwambiri ife tikadali m'njira tikusanza. Ndi okwera mtengo, inde, koma ukaphatikiza tonse tolipira payokha tija kusiyana kwake sikoopsa monga ndinkaganizira.

Sitimayo ndikuipatsa nyenyezi zisanu, anyamata a m'boti ndi wophika zisanu, kampaniyo ziwiri. Ndalama ya silinda anabwezadi patatha maimelo atatu, n'kuwonjezera kuti tikadzabweranso adzatichotsera 10 peresenti, zomwe sindidzagwiritsa ntchito. Mu logbook yanga tsamba la tsiku limenelo ndinalemba 29.6m, mphindi 27, mutu wa sitima sindinaufike, ndipo ndayamba kale kupempha mashifiti a usiku kuti ndisunge ya liveaboard chaka chamawa. Alamu akuti apita nawo, koma silinda ya malita 15 akaikweza okha m'boti ndi manja awo.